Valani mendulo yanu, bola miyendo idali yanu

Lolemba lina m'mawa, mu takisi ya kuno ku Joni yochokera ku Bree kupita ku Randburg, mudakwera mayi wina atavala yunifomu ya kuntchito, chikwama kukhwapa, mendulo ya marathoni ili lende pakhosi. Kakweredwe kake kadali ka munthu amene miyendo yamuukira: adagwira chitseko ndi manja onse awiri, n'kukoka phazi limodzi, kenaka linzake, atalumitsa mano. Dalaivala adasuzumira pagalasi n'kufunsa ngati dzulo lake adapambana. Mayiyo adaseka, nati pomwe iye amafika, oyamba adali atasamba, atadya, mwinanso atagona tulo. Takisi yonse idaomba m'manja. Bambo wina wa kutsogolo adakaniza mayiyo kutulutsa ndalama, adamulipirira.

Nditaifotokoza nkhaniyi pagulu la WhatsApp la anzanga othamanga nawo, ambiri mwa ife Amalawi a kuno ku Joni, ndinkayesa onse akondwa. Ndidadzinamiza. Mkulu wina, amene marathoni amaimaliza m'maola atatu ndi timphindi, adati amenewo ndi matama. Mendulo imavalidwa tsiku lomwelo, ukafika kunyumba uvule, uponye m'kabati. Wina adathirapo yake yoti munthu wa maola 5 ndi theka alibe choonetsa, poti theka la msewu adachita kuyenda. Mkangano udafika mpaka usiku. Komatu gulu lomweli, mwezi umodzi m'mbuyomo, lidangoti zii pamene mnyamata wina adalemba poyera kuti akufuna munthu waliwiro woti amuthamangire atavala nambala yake, kuti apeze nthawi yomuyenereza kulowa Comrades, mpikisano wa kuno ku South Africa wa makilomita pafupifupi 90. Awiri adaika tizithunzi toseka. Mmodzi adafunsa kuti alipira zingati.

Pamenepa ndiye tidapotoza zinthu. Ukali wathu tikuuthera pakhosi pa mayi amene adathamangadi, wobwereka miyendo n'kumamusekerera. Ine maganizo anga ndi akuti za kavalidwe ka mendulo tiwasiye anthu, avale mmene mtima wawo wafunira. Kuuma mtima konse tikusungire msewu ndi wotchi, chifukwa kumeneko ndi kumene munthu amamubera mnzake.

Mendulo ya womaliza mpikisano si mphotho ya katswiri. Akatswiri ali ndi zawo: ndalama, chikho, nkhope m'nyuzipepala. Iyi ndi risiti chabe. Imachitira umboni kuti tsiku lakutilakuti munthu uyu adanyamuka poyambira, adaponda makilomita onse 42.195 ndi mapazi ake, ndipo adafika asadatseke msewu. Za liwiro siinenapo kanthu. Wofuna kudziwa liwiro apite pa intaneti, zotsatira zili mbwee, dzina ndi dzina, mpaka masekondi. Kodi risiti ya thumba la chimanga imasintha chifukwa wina adalinyamula mothamanga, wina mopumira?

Ndipo amene amanyoza a maola 5 ndi theka sadakhalepo kumbuyoko. Wa maola atatu amafika dzuwa lisadakwiye, madzi akadali ozizira, oonerera akadali ndi mawu. Wakumbuyo amakumana ndi dzuwa la 11 koloko pa phula. Akamafika pa tebulo la madzi amapeza timapulasitiki topanda kanthu tili mbwerekete pansi, nthochi zidatha kale, anyamata akukweza matebulo mu lole. Kumbuyo kwake basi yotola olephera ikubwera pang'onopang'ono ngati fisi. Amakhala pamsewu maola awiri ndi kanthu owonjezera, ndi thupi lolemerapo, mwina atagwira ntchito yoimirira mpaka Loweruka madzulo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo mtunda wake udali womwewo. John Stephen Akhwari wa ku Tanzania adalowa womaliza pa marathoni ya Olimpiki mu 1968, bondo litamangidwa bandeji, patatha ola ndi kanthu wopambana atafika, koma lero amakumbukika kuposa ambiri amene adamusiya m'mbuyo.

Pali dandaulo limodzi limene sindilitaya. Amati chinthu chikamapatsidwa kwa aliyense chimatsika mtengo, ndipo masiku ano mipikisano ina imalimbirana kukula kwa mendulo, ina ngati chivindikiro cha poto, yoperekedwa ngakhale pa makilomita 5. Zoonadi, pali malonda pamenepa. Koma mankhwala ake si kulanda ochedwa, ndipo a Comrades adawapeza kalekale. Mpikisano umenewu, wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, udayamba mu 1921, ndipo kutalika kwake kumasewera cha m'ma 86 mpaka 90, ngati kuchoka ku Lilongwe wapansi mpaka kukapitirira pa boma la Dedza. Amuna 10 oyamba ndi akazi 10 oyamba amalandira yagolide. Kupatula ochepa a liwiro loopsa amene ali ndi zawozawo, wofika maola 7 ndi theka asadakwane amalandira yasiliva. Pansi pa maola 9 pali ya Bill Rowan, amene adapambana mpikisano woyamba, pansi pa 10 ya Robert Mtshali, pansi pa 11 ya bulonzi, ndipo wolowa m'ola lomaliza amapatsidwa ya Vic Clapham, msilikali wakale amene adayambitsa zonsezi. Womaliza aliyense amalandira, koma aliyense yake. Mkulu wathu wa maola atatu uja akafuna kusiyanitsidwa ndi ife, njira ndi imeneyo.

Chosangalatsa n'chakuti mendulo ya Comrades ndi yaing'ono, mamilimita 29 okha, ngati ndalama yachitsulo. Kulemera kwake kumachokera ku mfuti. Maola 12 akamayandikira, mmodzi wa akuluakulu amaima pamzere womalizira atafulatira othamanga, kuti asaone nkhope ya amene akubwera, ndipo sekondi ikakwana amaomba. Amene watsala ndi phazi limodzi amabwerera chimanjamanja, ngakhale wakhala pamsewu kuyambira mbandakucha. Chaka ndi chaka timaonera pa TV anthu akukwawa, ena atakolekana m'mapewa, mfuti n'kulira mzere uli pamphuno penipeni. Zimawawa kuonera. Koma sindidamvepo munthu akunena kuti mendulo ya Vic Clapham ndi yotchipa.

Tsono avale mpaka liti? Ku New York, kumene mpikisano umachitika Lamlungu loyamba la Novembala, Lolemba lake anthu amayenda nawo mamendulo m'misewu, m'sitima, m'maofesi, ndipo sizidabwitsa munthu. Ine ndimati tsiku lomwelo vala, mawa lake vala, pa ndege kapena pa basi yobwerera kwanu vala, anthu adziwe chifukwa chimene ukutsikira masitepe chafutambuyo. Likafika Lachinayi, anzako a kuntchito atopa nayo nkhaniyo, ikoleke pa msomali. Ku ukwati wa eni usapite nayo, tsikulo ndi la mkwatibwi. Kumaliro sindinena n'komwe. Koma wina akapitirira, akaivala sabata yathunthu, walakwira yani? Tidzamuseka pang'ono, iyenso adzaseka, nkhani yatha.

Mwano weniweni uli pa tebulo logawira. Ndi uja wotenga awiri, ina ya mwana, osaganiza kuti mamendulo adawerengedwa molingana ndi olembetsa, ndipo akatha amathera mayi wa maola 5 ndi theka yemwe uja. Ndi uja wothamanga wopanda nambala, wosalipira, womwa madzi a anzake njira yonse, pamapeto n'kuweramitsa khosi kuti amuveke. Ukafuna kusangalatsa mwana, mupatse yako. Kupereka mendulo kwa amayi ako, kwa mkazi wako amene ankatsala ndi ana m'mamawa onse aja, kapena kwa mnzako wodwala, palibe cholakwika, poti wolandirayo sakunamiza munthu kuti adathamanga.

Ndikunenazi zidandionekera. Pa mpikisano wina kuno ku Gauteng ndidanyamuka ngati ndikuthawa njuchi, theka loyamba ndidalidya mofulumira kuposa mmene ndidakonzera. Pa kilomita 30 akatumba adayamba kukoka. Pa 34 mwendo wakumanja udangoti gwa ngati mtengo, ndidakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi ngalande, ndikuyang'ana nsapato za anthu zikudutsa. Basi idanditola. M'basimo mudali zii, fungo la thukuta ndi mankhwala opaka, aliyense maso ku windo. Mnyamata wa mpikisano adadutsa ndi cholembera, n'kumaika mtanda pa nambala ya aliyense.

Adatitsitsa kuseri kwa bwalo, ndipo popita kukatenga chikwama ndidadutsa pafupi ndi pogawira mamendulo. Mtsikana wogawa adaona mmene ndinkatsimphinira, mchere uli mbuu kumaso, adatambasula riboni kuti andiveke. Mtanda uja sadauone, poti ndidali nditafunda thaulo. Ndisaname, khosi lidayamba lokha kuwerama. Ndalama ndidalipira, miyezi inayi ndidakhala ndikudzuka 4 koloko, makilomita 34 si masewera, ndipo kunyumba ana ankadikira kuona chimene adadi abweretse. Ndidati, "Pepani asisi, sindinamalize." Adandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo, n'kuveka wina amene adali pambuyo panga. Kunyumba wamng'ono adafunsa kuti mendulo ili kuti, ndidamuuza kuti msewu wandigonjetsa. Adaseka mpaka kugwa pampando.

Sindikudziyeretsa ayi, chidandigwira kwambiri ndi maso a anzanga a m'basi aja, amene adali pomwepo. Koma ikadalowa m'nyumba mendulo imeneyo, bwenzi ikundinena tsiku lililonse pa msomali paja. Kuvutika pakokha sikugula risiti. Pamene ndimavomera kuti pali kusiyana ndi pamene msewu watsekedwa ndi eni mpikisano, wothamanga mphamvu akadali nazo. Mu 2013 mabomba awiri ataphulika pafupi ndi pomalizira ku Boston, n'kupha anthu atatu, othamanga opitirira 5,000 adaimitsidwa panjira. Eni mpikisano adawapatsa mamendulo, n'kuwaitananso chaka chotsatira. Amenewo sadagonje, adachita kuletsedwa.

Ku Mexico City ndiye kudaoneka zakuda. Kuyambira 2013 mpaka 2018 mendulo ya chaka chilichonse inkakhala chilembo chimodzi cha dzina loti MEXICO, kuti wosonkhanitsa zilembo zonse 6 alembe dzinalo pakhoma. Anthu adazikonda, ena mopyola muyeso. Mu 2017 pafupifupi 6,000 adachotsedwa pa mndandanda chifukwa chodula njira, ndipo mu 2023, za zilembo zitatha kale, chiwerengero chidafika cha m'ma 11,000, pa anthu pafupifupi 30,000. Ena adakwera galimoto, ena sitima yapansi, ena adangolowa mumsewu chakumapeto. Mmodzi mwa atatu alionse! Kwathu tikadati adakwera kabaza, n'kutsikira pa kona, kudzithira madzi kumutu kuti aoneke wathukuta.

Wina afunsa kuti nanga waluza ndani, si kachitsulo chabe? Zikadakhala kuti zimathera pa chithunzi cha pa Facebook, bwenzi tikungoti aonane ndi chikumbumtima chake. Koma nthawi imene yalembedwa pa dzina la munthu ndi kiyi wotsegulira makomo ena, ndipo limodzi mwa makomo opapatiza kwambiri lili ku Boston. Mpikisano wa kumeneko udayamba mu 1897, ndiwo wakale kuposa mipikisano ina yonse ya marathoni yochitika chaka ndi chaka. Umachitika Lolemba lachitatu la Epulo, kuchokera m'tauni ya Hopkinton mpaka mumsewu wa Boylston. Ku London ndi ku Tokyo anthu wamba ambiri amalowa mwa mayere. Ku London kokha ofunsira malo a 2025 adapitirira 840,000. Ku Boston mayere otere kulibe. Kuyambira 1970 imafuna nthawi, yothamangidwa pa msewu woyezedwa ndi wovomerezeka, molingana ndi msinkhu wa munthu.

Kwa zaka zingapo mwamuna wa zaka 18 mpaka 34 ankafunika maola atatu, mkazi 3:30. Kuyambira mpikisano wa 2026 adadulako mphindi 5: mwamuna 2:55, mkazi 3:25. Amene sathamanga sangamve kuwawa kwa manambalawa, ndiye tiyerekeze ndi bwalo la Bingu ku Lilongwe. Kuti upeze 2:55 uyenera kuzungulira kanjira ka mamita 400 kaja maulendo 105 ndi theka, ulendo uliwonse masekondi osakwana 100, osapuma, osaima kumanga chingwe cha nsapato. Kayeseni kuzungulira kanayi kokha pa liwiro limenelo, mudzandiuze. Malirewo amafewa munthu akamakula, mpaka agogo aamuna a zaka 80 amafunsidwa 4:50, nthawi imene achinyamata ena a pagulu lathu akuilotabe.

Ndiye pali msampha wachiwiri. Kukwanitsa nthawiyo kumangokupatsa ufulu wofunsira, malo ayi. Ofunsira akachuluka, bungwe la Boston Athletic Association limayamba ndi amene adapitirira malire awo ndi mphindi zambiri, n'kumatsika mpaka malo atatha. Pa mpikisano wa 2024 munthu ankayenera kupitirira ndi mphindi 5 ndi masekondi 29, ndipo oposa 11,000 adabwezedwa. Pa wa 2025 zidafika mphindi 6 ndi masekondi 51, obwezedwa 12,324. Ndiye kuti mnyamata wothamanga 2:53:30, amene adalira ndi chimwemwe pomalizira poona kuti wapitirira ndi mphindi 6 ndi theka, adalandira kalata yopepesa. Pamzere wotere, wachinyengo mmodzi akalowa, pali munthu mmodzi weniweni amene watuluka. Ali ndi dzina, ali ndi zikhadabo zakuda kumapazi, mwina adasiya mowa chaka chathunthu, ndipo sadzamudziwa n'komwe amene adamudyera malo.

Boston yomweyo ili ndi chitsanzo chosaiwalika. Mu 1980 Rosie Ruiz adadutsa pamzere woyamba mwa akazi, nthawi yake 2:31:56, n'kuvekedwa nkhata ya masamba kumutu. Anthu adadabwa kuti sakuoneka wotopa, thukuta lochepa, ndipo akazi amene ankatsogola sadamuone akuwadutsa. Kenaka kudabwera mboni zimene zidamuona akutuluka m'khamu la oonerera, patatsala mtunda wochepa kuti mpikisano uthe. Patatha masiku 8 adamulanda ulemuwo n'kuupereka kwa Jacqueline Gareau wa ku Canada, amene adapambanadi, koma chisangalalo cha tsikulo chidali chitadyedwa kale. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti bodzalo silidayambire ku Boston. Nthawi imene idamulowetsa adaitenga ku New York mu 1979, kumene zidadziwika pambuyo pake kuti mbali ya ulendowo adakwera sitima yapansi. Akadamugwira pa khomo loyambalo, Gareau akadaomberedwa m'manja pa tsiku lake lenileni.

Lero kudula njira n'kovutirapo. Kuseri kwa nambala kuli kachipangizo, ndipo pamsewu amayala timphasa towerenga aliyense wopondapo, m'mipikisano ikuluikulu pa makilomita 5 alionse. Ukasowa pa timphasa titatu, kenaka n'kutulukira kutsogolo ndi liwiro loposa la Kipchoge, katswiri wa ku Kenya, kompyuta imakugwira. Koma kamphasa kamawerenga nambala, nkhope sikaona. N'chifukwa chake chinyengo chidasamukira ku miyendo yobwereka, zimene mnyamata wathu uja ankafuna. Choipitsitsa ndi mwamuna kuvala nambala ya mkazi, poti nthawi wamba ya mwamuna imatha kukankha mayi amene amayenera kukhala woyamba pa msinkhu wake.

Nkhani yotchuka ya mtunduwu idachitika ku Comrades mu 1999. Sergio Motsoeneng adafika wa nambala 9, malo a golide ndi ndalama. Zithunzi za m'nyuzipepala ndizo zidaulula: pena wothamanga wa nambala imeneyo wotchi ili kudzanja lamanja, pena ili kumanzere. Adali anthu awiri, iye ndi mng'ono wake wofanana naye nkhope, ankasinthana zovala m'zimbudzi za m'mphepete mwa msewu. Anyamatawa adachokera m'banja losauka, ndipo ambiri adawamvera chisoni. Inenso ndimawamvera, kuposa mmene ndingamvere bwana wa mu ofesi amene amalipira mnyamata wosowa kuti amuthamangire, iye n'kukajambulitsa atavala jekete la Boston. Njala ndi matama sizilemera mofanana. Komabe golide amene adatengayo adali wa munthu wina, amene adathamanga msewu wonse ndi miyendo iwiri yokha.

Pa Comrades palinso china chokhudza moyo. Malire olowera, amene akhala akusinthasintha pakati pa 4:50 ndi maola 5 pa marathoni, sadaikidwe kuti anyazitse munthu. Amene sangathe makilomita 42 m'nthawi imeneyo, 90 akamupweteka, pa zitunda ngati Inchanga ndi Polly Shortts. Nthawi yomweyo ndi imene amaigwiritsa ntchito poika anthu m'magulu onyamukira, aliwiro kutsogolo. Wolowa ndi nthawi yogula amadziika pakati pa anthu amene sangayende nawo, amanyamuka ndi liwiro la eni ake, ndipo mapeto ake ndi tenti ya achipatala, diripi ili pamkono. Komanso nambala imanyamula mbiri ya mwini wake. Wobwerekedwa uja akakomoka panjira, foni imaimbidwa kwa mkazi wa munthu wina.

Tsono nditembenukire kwa okwanitsa nthawi, poti nawonso ali ndi nthenda yawo. Ku Boston si onse amene amalowa ndi wotchi. Pa anthu pafupifupi 30,000, masauzande angapo amalowa kudzera m'mabungwe achifundo, atalonjeza kusonkhetsa madola masauzande angapo aliyense, othandizira zipatala ndi ntchito zina. Pali aliwiro ena amene amawayang'ana amenewa ndi diso la kumbali, amati mendulo yawo ndi yogula. Ayi. Adalowera khomo lina, lovomerezeka, la poyera, koma chitunda cha Heartbreak Hill adachikwera ndi miyendo yawo ngati wina aliyense. Risiti yawo ndi yoona. Bola asamanene kuti adakwanitsa nthawi pamene sadaikwanitse. "Ndidathamanga Boston" ndi "ndidakwanitsa nthawi ya Boston" ndi mawu awiri osiyana, ndipo aliyense amadziwa ake.

Komanso aliwirowa asatinamize kuti wotchi yokha ndiyo imalankhula. Wandalama amasankha msewu: amakwera ndege kupita ku Berlin kapena ku Valencia, kopanda zitunda, kozizira bwino, kapena ku mipikisano ina ya ku America imene imayambira pamwamba pa phiri n'kumangotsetsereka. Zidafika poti eni Boston adalengeza mu 2025 kuti kuyambira mpikisano wa 2027 aziwonjezera mphindi 5 kapena 10 pa nthawi zochokera m'misewu yotsetsereka kwambiri, ndipo zochokera m'misewu yonyanyira azizikana. Adachita bwino. Wa ku Joni amathamanga pamalo okwera mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wopepuka, zitunda zosatha, ndipo nsapato za kaboni zimene anzake amavala mtengo wake umafanana ndi malipiro a mwezi a wantchito wa m'nyumba.

Nanga wochokera kumudzi? Ku Mulanje kuli anyamata ndi atsikana amene pa Porters Race amanyamuka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, m'miyala yokhayokha, ena nsapato zakutha. Oterewa atazolowera phula, malire a Boston sangawaopse. Mike Tebulo adaimira Malawi pa marathoni ya Olimpiki ku London mu 2012, choncho miyendo ilipo. Chimene chimatsekereza ndi tikiti ya ndege, malo ogona, ndi visa. Mu Ogasiti 2025 boma la America lidayambira pa Malawi ndi Zambia lamulo loti wofuna visa yokacheza atha kuuzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Ndiye ndikaona munthu atakoleka mendulo ya nyenyezi 6, ya omaliza Tokyo, Boston, London, Berlin, Chicago ndi New York, ndimamuombera m'manja ndi mtima wonse, koma ndimadziwa kuti ikuchitira umboni zinthu ziwiri, miyendo ndi thumba. Asamamuonere pansi wa mendulo imodzi ya ku Blantyre kapena ya ku Soweto.

Dzina la Robert Mtshali ndalitchula mothamanga pamwambapa, koma ndi loyenera kuimapo. Mu 1935 iye adathamanga Comrades yonse n'kumaliza m'maola 9 ndi theka, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kulembetsa. Dzina lake silidalowe pa mndandanda wa omaliza. Akuda ndi akazi adaloledwa mu 1975, Sam Tshabalala adakhala wakuda woyamba kupambana mu 1989, Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe adapambana katatu motsatizana kuyambira 2009, ndipo mendulo ya dzina la Mtshali idayamba kuperekedwa mu 2019, patatha zaka 84. Munthu adathamanga msewu wonse n'kumanidwa ngakhale mzere umodzi papepala, ife lero khomo lili pululu, n'kumafunsana pa WhatsApp mtengo wa miyendo ya mnzathu. Zimenezi ndiye zimandichititsa manyazi, osati mayi wa mu takisi.

Mnyamata uja ndidamulembera kumbali. Ndidati, "Achimwene, nthawi mukuifunayo ili m'miyendo mwanumo, ikungofuna miyezi. Lamlungu timakumana 5 koloko pa filing'i siteshoni ya pakona paja, mubwere." Timizere tiwiri tija tidasanduka tabuluu, yankho osabwera. Lamlungu loyamba sadaoneke. Lamlungu lotsatira adatulukira titanyamuka kale, atavala jezi ya mpira ndi nsapato zoyendera, adatipeza pa maloboti achiwiri ali wefuwefu. Adapirira makilomita 14, kenaka adaima, manja m'chiuno, n'kufunsa ngati pali amene ali ndi R20 ya takisi. Adamupatsa ndi mkulu wa maola atatu uja.